Maulendo Awiri a ku Mapiri a Tiyi: Honde ndi Chipinge

Msewu wa ku chigwa cha Honde umapatuka pa msewu waukulu wochokera ku Mutare kupita ku Nyanga, ndipo ukangopatuka umayamba kutsetsereka mokhotakhota mpaka makutu kutseka. Kumtunda kumazizira, mitengo ya paini ndi bulugamu ili ndandanda m'mizere. Kumunsi, pa msika wa Hauna, kumatentha, thukuta silichedwa, ndipo mikoko ya nthochi imaunjikidwa m'mbali mwa msewu kudikira malole. Chakumanzere kuli chikhoma cha mapiri chomwe mathithi a Mutarazi amagwerapo, mamita oposa 760, aatali koposa onse m'Zimbabwe. Munthu ali patali amangowaona ngati ulusi woyera wolendewera pathanthwe. Chakumpoto kwake kuli Nyangani, phiri la mamita 2,592 lomwe palibe lina lolipambana m'dzikomo, gwero la mtsinje wa Pungwe. Munthu akaoloka Pungweyo, zitunda zonse zimasanduka zobiriwira ndi zosalala ngati zometedwa ndi lumo. Ameneyo ndi tiyi.

Wobadwira ku Thyolo kapena ku Mulanje akafika pamenepa amayamba wadzifunsa ngati wasokera n'kubwerera kwawo. Dothi lofiira ndi lomwelo, fungo la masamba ofota lochokera kufakitale ndi lomwelo, madengu a kumsana ndi omwewo. Kamvula kozizira kowaza masiku angapo osaleka, komwe ku Mulanje amati chiperoni, kuno amati guti, ndipo konseku kamabwera ndi mphepo imodzi yochokera ku nyanja yamchere ya India. Ngakhale nthano za phiri zimafanana. Za Nyangani amanena zomwe a ku Mulanje amanena za Sapitwa: kuti phiri lili ndi eni ake, kuti wokwera asamatchule mwachipongwe zachilendo zomwe waona, ndi kuti alipo amene anakwera osabwerera.

Kufanana kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi ya maulendo awiri. Wina ndi wa mlendo wodzapitidwa mphepo, wofika pagalimoto, wodzaona mathithi ndi mbalame. Ulendo umenewu unalembedwa kwambiri, uli ndi zithunzi ndi mahotela ake. Winawo ndi wa munthu amene anabwera wapansi, kamtolo pamutu, kudzafuna ndalama ya msonkho. Umenewu sunalembedwe mokwanira, chonsecho mbali ina ya kukongola komwe woyambayo amadzaona inapangidwa ndi manja a wachiwiriyo.

Mapiriwa sanali opanda anthu. M'zitunda za Nyanga muli mizere ya miyala yoyalidwa ndi alimi akale pofuna kugwira dothi ndi madzi, ntchito ya mibadwo yambiri yomwe ikuoneka mpaka lero ku Ziwa ndi kwina. Kumeneko ndi kwa Amanyika a mfumu Mutasa. Kum'mwera, ku Chipinge, ndi kwa Andau, omwe m'zaka za m'ma 1800 anagwa m'manja mwa ufumu wa Gaza wa Soshangane. Soshanganeyo anachoka kum'mwera pa chipwirikiti chomwe chinathamangitsanso Zwangendaba; wina anaoloka Zambezi mu 1835 nakhala kholo la Angoni a ku Mzimba ndi ku Chipata, wina anatsalira tsidya lino la kum'mwera. Mdzukulu wake Ngungunyane anali ndi likulu lake kufupi ndi Mount Selinda mpaka 1889, pamene anasamukira chakum'mwera. Kenaka panabwera mzere wa papepala. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la pa 11 Juni 1891 linadula mapiriwa pakati, Amanyika ndi Andau ena n'kukhala a Rhodesia, abale awo n'kukhala a Mozambique. Ndi pangano lomwelo lomwe linalemba malire a Nyasaland ndi Mozambique, kusiya Achewa a ku Dedza mbali ina, a ku Angonia mbali inzake.

Atsamunda atafika anapeza m'mapiriwa chinthu chomwe ankachisowa m'zigwa zotentha: nyengo yowakumbutsa kwawo. Gulu la Thomas Moodie linafika dera la Chipinge ndi ngolo za ng'ombe kumayambiriro kwa 1893, ndipo dzina la Melsetter, lomwe lero ndi Chimanimani, analitenga ku zilumba za Orkney kwa makolo a banjalo. Cecil Rhodes anadzigulira malo aakulu ku Nyanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo atamwalira mu 1902 malowo anasiyidwa m'manja mwa boma. Ndiwo maziko a paki ya Nyanga ya lero. M'mitsinje anathiramo nsomba za trout zochokera kunja, m'zitunda anabzala paini. Hotela ya Troutbeck inayamba mu 1947, ndipo ku Vumba hotela ya Leopard Rock inatchuka italandira mayi a Mfumukazi Elizabeth pamodzi ndi Princess Margaret mu 1953. Wodziwa phiri la Zomba, ndi madamu ake a trout ndi malo ake oonerapo otchedwa Queen's View, sangadabwe nazo zimenezi, pakuti kachitidwe kanali kamodzi.

Mapu a derali ndi kaundula wa anthu opukwa kwawo. Troutbeck ndi dzina la ku England, Connemara la ku Ireland, Aberfoyle la ku Scotland, Jersey la chilumba cha pakati pa England ndi France, monga momwe Blantyre ndi Lauderdale alili maina a ku Scotland. Kupukwa si mlandu. Komatu panali anthu enanso opukwa m'mapiri omwewa, ochokera ku Ntcheu, ku Zomba, ku Tete, ndipo iwowa analibe mphamvu yotcha dzina ngakhale kamtsinje. Analibenso mwayi wolowa m'mahotelamo ngati alendo. Lamulo logawa malo la 1930 linapereka mbali yaikulu ya malo okwera ndi ozizira kwa Azungu, ndipo m'zaka zotsatira mabanja ambiri a eni nthaka anachotsedwa kumtunda, ena n'kutsikira m'chigwa cha Honde. Bata lomwe mabuku okopa alendo ankatama linali, mwa zina, bata la malo osamutsidwa anthu.

Makilomita pafupifupi 30 kum'mwera kwa tauni ya Chipinge kuli nkhalango ya Chirinda, pa Mount Selinda, pomwe amishoni a ku America a American Board anakhazikitsa mishoni mu 1893. Dzinalo amalimasulira kuti malo olonderapo, ndipo khutu la Mchewa silichedwa kumvamo chilindo cha kumunda. Ndi nkhalango yaing'ono, yosafika mahekitala 1,000, koma yowirira ndi yamdima ngakhale dzuwa lili paliwombo, momwe nchima zimalumpha m'nthambi. Charles Swynnerton, amene anakhala pafamu yoyandikana nayo kuyambira cha m'ma 1900, anasonkhanitsamo zomera, tizilombo ndi mbalame zambiri, ndipo kambalame kena ka m'nkhalangomo kamadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Chomwe alendo ambiri amapitira kumeneko ndi mtengo umodzi, wotchedwa Big Tree, wa msinkhu wa mamita pafupifupi 60, womwe boma limauteteza ngati chuma cha dziko. Mlendo wochokera ku Malawi akauyang'ana makungwa ndi masamba amauzindikira msanga: ndi mbawa. Akatswiri a zomera akhala akuutcha mtundu umenewu Khaya nyasica, dzina loloza ku Nyasa. Motero umodzi mwa mitengo yotchuka m'Zimbabwe uli ndi dzina lofanana ndi lomwe anthu obwera kuchokera kumpoto kwa Zambezi ankaitanidwa nalo monyozedwa, loti Manyasarande.

Tiyi anayambira ku Nyasaland asanafike kuno. Mbewu zoyamba zinamera pa mishoni ya Blantyre, ndipo mu 1891 Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje. Ku Rhodesia kunapita zaka zoposa 30. Malinga ndi mbiri yomwe kampani ya Tanganda imafotokoza, mu 1924 Florence Phillips anabweretsa mbewu kuchokera ku Assam, ku India, ndipo mwamuna wake Grafton Phillips ndi mnzake Arthur Ward, omwe anali atalimapo tiyi kumeneko, anazibzala pa famu ya New Year's Gift m'boma la Chipinge. Malowo ndi ochepa mvula, kotero tiyiyo anakula ndi madzi othirira ochokera mu mtsinje wa Tanganda, womwe unapatsa kampaniyo dzina. Pambuyo pake minda inakwera kumtunda kwa mvula yambiri, ku Ratelshoek, Jersey, Zona ndi Tingamira, ndipo lero ku Zimbabwe munthu akati Tanganda amatanthauza tiyi, monga momwe Mmalawi amatchulira Chombe. Ku Honde tiyi anafika mochedwerapo, m'zaka za m'ma 1950, pamene makampani anatsegula minda ya Aberfoyle ndi Eastern Highlands. Esiteti ya boma ya Katiyo, m'malire mwenimweni, inabwera pambuyo pake, ndipo alimi ang'onoang'ono a m'chigwamo nawonso anayamba kulima tiyi wogulitsa ku mafakitale a maesiteti.

Tiyi ndi mbewu yosalola munthu kupuma. Pa nyengo ya mvula chitsamba chimaphuka mwamsanga kotero kuti wothyola ayenera kubwereranso pamzere womwewo patangopita sabata imodzi kapena iwiri, kutenga masamba awiri anthete ndi kansonga, ndipo masambawo ayenera kufika kufakitale tsiku lomwelo asanatenthe m'dengu. Nyengo yomwe tiyi amafuna manja ambiri ndi yomwenso mlimi wa kumudzi amakhala akupalira chimanga chake. Apa ndiye panali vuto la eni maesiteti kulikonse. Munthu wokhala ndi munda pafupi amathawa ntchito mvula ikagwa. Wodalirika ndi amene munda wake uli kutali, kapena alibe ndi munda womwe.

Anthu otere Nyasaland inali nawo ambiri. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ntchito zolipira bwino kunalibe, ndipo pa maesiteti a kum'mwera panali thangata, wogwira ntchito kwa mwini malo m'malo mwa lendi. Amuna anayamba kulowera kum'mwera: ku Halale, ku migodi ya golide, ku Wankie, ku Joni. Ambiri ankayenda wapansi milungu ingapo, m'magulu poopa zilombo ndi achifwamba, kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi pabwato, n'kulowa Rhodesia cha ku Mutoko. Mmodzi mwa oyenda wapansiwo, cha m'ma 1915, anali mnyamata wa ku Kasungu, Kamuzu Banda, amene anayamba wagwira ntchito pachipatala cha ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu, asanapitirire ku Joni. Okhala ndi kangachepe ankakwera sitima yopita ku Beira, makamaka mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, n'kusinthira ya ku Umtali, womwe ndi Mutare wa lero, pakhomo penipeni pa mapiriwa. Komiti yomwe boma la Nyasaland linakhazikitsa mu 1935 inayerekeza kuti anthu pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo inadandaula za midzi yotsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba. Mawu oti matchona anabadwa m'midzi yoteroyo.

Boma la Southern Rhodesia silinangodikira. Bungwe lolemba anthu ntchito lomwe linayamba mu 1903 linasiya mbiri yowawa kotero kuti anthu ankalitcha chibalo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kunabwera malole onyamula anthu mosalipiritsa, omwe dzina lawo linali la Chinyanja, Ulere, okhala ndi malo ogona ndi chakudya panjira. Mu 1946 kunabwera bungwe lina lolemba anthu pa kontrakiti, lomwe ku Nyasaland linkadziwika kuti Mthandizi. Maina okomawo asanamize munthu. Cholinga cha Ulere chinali kukokera anthu ku mafamu a Rhodesia asanakopeke ndi malipiro okwererapo a ku Joni. Chodabwitsa china n'chakuti pamene amuna a ku Nyasaland ankachoka, tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo ankathyoledwa kwambiri ndi Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Dziko lililonse linali ndi alendo ake ogwira ntchito yomwe eni dziko ankaiona kuti siipindula.

Choona chiyenera kunenedwa, kuti tiyi wa ku Honde ndi Chipinge sanathyoledwe ndi Amalawi okha, ndiponso iwo sanali ochuluka kumeneko monga analili m'mafamu a fodya a ku Mashonaland ndi m'migodi. Maesiteti a m'malire ankadalira kwambiri Andau ndi Amanyika a mbali zonse ziwiri za mzere wa 1891, ndi ena ochokera mkati mwa Mozambique, monga Abarwe omwe ambiri anathawira cha ku Nyanga nkhondo ya Makombe ya 1917 italephera. Olankhula Chinyanja, a ku Nyasaland ndi a ku Tete, anali gulu limodzi pakati pa magulu amenewa. Koma kusiyana kwawo ndi anzawo kunali kwakukulu. Mndau wa tsidya la Espungabera ankatha kupita kwawo pa maliro n'kubwerako. Wa ku Ntcheu kwawo kunali komboni.

M'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi ya Rhodesia anthuwa anamanga Malawi wawo wamng'ono. Ndi bwana ankalankhula Chilapalapa, chinenero cha malamulo ndi kukalipa; pakati pawo Chinyanja chinkagwirizanitsa Mchewa, Myao, Mngoni, Msena ndi Mtonga. Anakhazikitsa mabungwe othandizana pa maliro, pakuti chomwe mtchona ankaopa koposa ndi kuikidwa ngati chiweto. Ayao anamanga mizikiti, ena anayambitsa mipingo ya Chipresibeteriya yopemphera m'Chinyanja, ndipo Achewa anapatula dambwe m'tchire la pafupi ndi manda. Gule wamkulu, yemwe Ashona amamutcha zvigure, anakhala chizindikiro cha anthu obwera, choopedwa ndi kunyozedwa pamodzi. Ambiri anakwatira akazi a komweko, ndipo apa panabuka mfundo yovuta kumasula. Kwa Mchewa mwana ndi wa kuchikazi, kwa Mshona ndi Mndau mwana ndi wa kuchimuna. Mwana wa bambo wa Chichewa ndi mayi wa Chindau ankatha kupezeka kuti mbali iliyonse ikumuyesa wa mbali inayo. Sukulu nayo inali ndi mtengo wake. Pa maesiteti ena a ku Chipinge panali dongosolo lomwe linafika mpaka zaka za m'ma 2000, loti ana azigwira ntchito m'tiyi mbali ina ya tsiku n'kuphunzira mbali inayo. Ena amalitchula kuti kugwiritsa ana ntchito, ena amene anadutsamo amati popanda ilo sakanaona mkati mwa kalasi, ndipo onsewo sakunama.

Nkhondo inasandutsa malo opumulirako kukhala malo oopsa koposa m'Rhodesia. Mozambique italandira ufulu mu Juni 1975, ndipo Samora Machel atatseka malire mu Malichi 1976, chigwa cha Honde chinakhala njira yaikulu ya asilikali a ZANLA polowa m'dzikomo. Nkhalango ndi nkhungu zomwe alendo ankazikonda zinakhala pobisalira. Pa 9 Ogasiti 1976 asilikali a Rhodesia a Selous Scouts anaoloka malire n'kupha anthu oposa 1,000 pa msasa wa Nyadzonia, kufupi ndi mtsinje womwewo wa Pungwe. Patapita miyezi inayi, usiku wina wa mu Disembala kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, anthu a mfuti analowa m'komboni ya pa esiteti ya Aberfoyle, nasonkhanitsa mabanja, napatula amuna, n'kuwombera. Anafa ndi 27, ndipo pakati pawo panali ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Olemba mbiri ambiri amati anachita zimenezi ndi a ZANLA, omwe ankafuna kuti anthu aleke kugwira ntchito pa maesiteti a Azungu. Boma la Ian Smith linathamangira kuonetsa atolankhani mitemboyo pofuna kuipitsa adani ake kunja, ngakhale kuti anthuwo ali moyo silinkawawerengera kwenikweni. Wolemba mbiri Heike Schmidt, amene anafufuza kwa nthawi yaitali m'chigwachi, anatulutsa buku lonse mu 2013 lofotokoza momwe anthu a ku Honde amakumbukira masautso a zaka zimenezo.

Lamulo loti siyani ntchito linali lopepuka kwa munthu wokhala ndi mudzi wothawirako. Kwa mtchona linali ngati kumuuza kuti aleke kudya. Akatsala pantchito, a m'tchire ankamuyesa wogulitsa anzake. Akachoka, analibe kolowera, ndipo asilikali a boma ankamukayikira. Anthu a m'midzi ya m'chigwamo nawonso sanapume, pakuti boma linawasonkhanitsa m'misasa yozingidwa ndi waya, yomwe ankaitcha makipu, momwe ankatuluka ndi kulowa pa nthawi yoikika. M'malire munakwiriridwa mabomba omwe akhala akupundula anthu ndi ng'ombe zaka zambiri nkhondo itatha. Ufulu wa 1980 unabweretsa mtendere wa kanthawi chabe, chifukwa kuyambira 1987 zigawenga za Renamo zinayamba kuoloka malire n'kuukira midzi ndi maesiteti a ku Honde ndi Chipinge, mpaka pangano la mtendere la ku Rome la 1992.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Atsamunda ankawaona choncho antchito obwera, ngati anthu oti dzuwa likakwera adzakamuka okha, ndipo sanavutike kuwalembera ana awo zikalata. Koma ambiri sanabwerere, ndipo funso loti iwo ndi a kuti linadikira mpaka ndale zitalifuna. Kulanda mafamu kutayamba mu 2000, antchito a m'mafamu ankaganiziridwa kuti ali mbali ya eni mafamu ndi chipani chotsutsa. Maesiteti aakulu a tiyi ambiri anapitiriza ntchito, koma m'dziko lonse antchito zikwizikwi anataya ntchito ndi pogona pomwe, ndipo obwera analibe mfumu yoti iwapatse malo. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, kulamula aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kuti akane unzika umenewo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Munthu wobadwira pa esiteti, amene sanapondepo ku Malawi, anauzidwa kukana dziko lomwe silinkamudziwa n'komwe. Ambiri sanamve, ena analibe ndalama ya ulendo wa ku Harare, ndipo zitupa zawo zinakhala ndi chilembo A, kutanthauza mlendo, chomwe chinawatsekera pa chisankho cha 2002. M'zaka zomwezo Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mitupo, ndiye kuti opanda mfunda, mawu omwe aliyense anadziwa kuti akuloza a maBhurandaya, a ku Blantyre. Kunena zoterozo kwa a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe kunali kuonetsa kusadziwa, koma kusadziwa kwa wolamula kumapweteka ngati lamulo.

Malamulo atsopano oyendetsera dziko a 2013 anakonza zambiri papepala. Gawo 43 likuti wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye amakhala m'Zimbabwe, ndi nzika yobadwa. Gawo 6 likutchula zinenero 16 zovomerezeka, ndipo poti zinandandalikidwa motsata alifabeti, choyamba pa mndandandawo ndi Chichewa, chotsatira ndi Chibarwe, ndipo Chindau chilinso pomwepo. Komabe mu 2021 bungwe la Amnesty International linafotokoza kuti anthu ambirimbiri, kuphatikizapo zidzukulu za antchito ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, akadali opanda zikalata, chifukwa ofesi imafuna umboni wa makolo omwe anamwalira opanda pepala lililonse. Ngakhale UNESCO, polemekeza gule wamkulu mu 2005, inatchula Malawi, Mozambique ndi Zambia. Madambwe a ku Zimbabwe sali pa mndandandawo.

Zomera zinayenda mosavuta kuposa anthu. Kuyambira 1966 bungwe lofufuza za tiyi la Tea Research Foundation of Central Africa, lomwe likulu lake lili ku Mimosa, ku Mulanje, lakhala likutumikira alimi a ku Malawi ndi a ku Zimbabwe pamodzi, ndipo mitundu ya tiyi yosankhidwa ku Mulanje, monga SFS 150, inafalikira m'minda ya m'maiko oyandikana nawo. N'kutheka ndithu kuti mdzukulu wa mtchona akuthyola chitsamba chomwe kholo lake linachokera boma limodzi ndi agogo ake. Mphepo nayo siona malire. Namondwe Idai, amene anayamba wamiza midzi ya kum'mwera kwa Malawi kumayambiriro kwa Malichi 2019, anafika ku Chimanimani ndi Chipinge pakati pa mwezi womwewo, kugumula mapiri, kukokolola milatho ndi kupha anthu oposa 300 m'Zimbabwe. Patapita zaka zinayi Freddy anachita zofananazo ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre.

Lero alendo abwereranso. Nyumba yomwe inali kalabu ya akuluakulu a esiteti ku Aberfoyle ndi malo ogona alendo, komwe okonda mbalame amafika ndi magalasi awo oonera patali, ena kudzasewera gofu pakati pa tiyi, ena kudzapalasa mabwato pa mafunde a Pungwe. Pamwamba pa Mutarazi anamangapo timilatho ta zingwe toti olimba mtima aziyenda akuyang'ana phompho. Pakati pa alendowo tsopano pali Azimbabwe akuda ochokera ku Harare ndi Bulawayo, chinthu chomwe mu 1953 sichikanatheka. Ku Chipinge tiyi akugawana malo ndi makademiya ndi mapeyala, monganso ku Thyolo, ndipo m'minda ina makina ayamba kulowa m'malo mwa zala. Wowonetsa alendo malo amadziwa chaka chomwe mbewu inachoka ku Assam ndi dzina la Chilatini la mbalame iliyonse. Za amene analambula nkhalango, kukumba misewu ya m'zitunda ndi kugona m'manda a kuseri kwa komboni, mlendo amazimva pokhapokha atafunsa, ndipo kawirikawiri woyenera kufunsidwa ndi wonyamula dengu uja, amene galimoto imamupitirira.

Kuchokera ku Blantyre ulendowu tsopano ndi wa tsiku limodzi kapena awiri. Basi imadzera ku Mwanza ndi Zobue, kuoloka Zambezi pa mlatho ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Mutoko mpaka Harare, pafupifupi njira yomwe matchona ankaponda. Kuchokera apo pali makilomita oposa 260 kukafika ku Mutare, komwe minibasi za ku Hauna ndi mabasi a ku Chipinge amanyamukira. Mmalawi wokhala ndi pasipoti sasowa visa. Ulendo wovuta ndi wobwerera, wa mdzukulu wobadwira pa esiteti amene akufuna kukaona mudzi womwe agogo ake ankautchula. Agogowo anaoloka Zambezi pabwato, mwina ndi kachiphaso ka msonkho kokha m'thumba. Iye pa Nyamapanda adzafunsidwa pasipoti, ofesi ya pasipoti idzafuna chitupa, chitupa chidzafuna kalata ya kubadwa, ndipo kalata ya kubadwa idzafuna chitupa cha mayi ake.